Geti la rimoti likakana usiku

Ndimawotcherera zitsulo pa Lizulu, chakuseri kwa msika, pamene fungo la masamba a kabichi limasakanikirana ndi utsi wa marodi. Mafelemu a zitseko, mabagala a m'mawindo, ngolo zothyoka, zonse zimadutsa m'manja mwanga. Koma chimene anthu amandiyitanira kuchokera ku Dedza ndi pa boma la Ntcheu ndi mageti otseguka okha, aja mumangodina rimoti muli khale m'galimoto. Luso limeneli ndinalitola ku Joni. Ndinatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikunyamulira bwana wina bokosi la masipanala m'mayadi a ku Johannesburg, mpaka anayamba kundisiya ndekha pa ntchito, iye n'kumangobwera kudzatenga ndalama.

Geti lotere silovuta kulimvetsa. Limayenda ndi mawilo awiri pa kanjanji kamene timakhomera mu simenti. M'munsi mwake timamangamo chitsulo chachitali chokhala ndi mano, ndipo pambali pamakhala mota imene giya yake imaluma manowo n'kumakoka geti uku ndi uku. Mota imene ndinaphunzirirapo ndi Centurion D5, yopangidwa ku South Africa komweko, imene imakoka geti lolemera mpaka makilogalamu 500. M'kati mwake mumakhala kabatire ka 12V. Magetsi a m'nyumba ntchito yawo n'kudzaza kabatireko, ndipo n'chifukwa chake geti limatsegukabe magetsi atangothima kumene.

Chimene ogula ambiri sachidziwa n'chakuti motayo ndi loko. Ikaima, magiya ake amagwira geti zolimba, moti amuna anayi akhoza kukankha mpaka thukuta kamukamu koma osasuntha. Kuti likankhike ndi manja, pamafunika kakiyi kotsegulira kachitseko ka pa mota, kenako kupotokola kagudumu kapena kukoka kachitsulo, malinga ndi mtundu wa mota, kuti magiya asiye kugwira. Ndiye poti ku Joni akuba amazula mota n'kukagulitsa, tinkazimangira khola lachitsulo lokhala ndi loko wake. Makiyi awiri amenewo, aang'ono ngati a sutikesi, ndi amene amalekanitsa munthu wodwala ndi galimoto yomutengera kuchipatala.

Ine ndinazidziwa bwino zimenezi mu June 2022. Chaka chimenecho namondwe wa Ana anali ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankathima maola ambirimbiri tsiku lililonse. Mabatire ang'onoang'ono aja sapirira kuphwa n'kudzazidwa, kuphwa n'kudzazidwa. Amafooka mwakachetechete, mwini wake osadziwa.

Chaka chimodzi izi zisanachitike ndinali nditaikira geti bambo wina wa malonda a mbatatesi. Mpanda wake unali wautali, pamwamba atathira mabotolo oswa. Nditawauza zoika kageti kakang'ono kolowera oyenda pansi anakana. “Amisiri, kageti kameneko ndi kamene akuba amayambira. Ndikufuna khomo limodzi basi.” Sindinalimbane nawo, ndalama inali yabwino. Ndinawotcherera zitsulo pamwamba kuti munthu asathe kulinyamula geti kulichotsa pa njanji, khola la mota ndinalipanga ndi chitsulo chochindikala, ndipo ndinachoka ndikudzitama mumtima. Makiyi anawamangirira pamodzi ndi a lole yawo.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Usiku wina cha m'ma 1 koloko foni inalira. Anali mlonda wawo. “Bambo, bwerani msanga, geti lakana. Amayi matenda ayamba.” Ndinafunsa za makiyi. Abwana anali atapita ndi katundu ku Lilongwe, agona komweko.

Ndinafika pa njinga yamoto, manja atauma ndi chisanu cha pa Lizulu chija cholowa m'mafupa. Panja pa geti panali Sienta ya aneba, injini ikulira, nyali zikuwala pa chitsulo chimene ndinapanga ndekha. Azimayi angapo atadzifunditsa zitenje anali ataima chete. M'kati munkamveka kubuula. Gilayinda ndinali nayo m'chikwama, koma magetsi anali atathima, ndiye ikanagwira ntchito bwanji? Mota nayo imakhala m'kati mwa mpanda, ine ndili kunja. Anyamata anabweretsa makwerero, tinayala masaka a mbatatesi pa mabotolo paja, ndinakwera n'kudumphira m'kati. Batire ya njinga yanga ikanatha kudzutsa mota, koma chivundikiro cha mota chinali m'khola lomwelo. Ndinagwada pansi ndi sowo, mlonda akundiunikira ndi tochi ya foni, n'kuyamba kucheka chitsulo chimene ndinachisankha dala kuti chisachekeke. Lumo loyamba linathyoka. Apongozi awo a mayiwo, agogo a tsitsi loyera, anabwera kudzaima pambuyo panga. Sanakalipe ayi. Anangoti, “Bambo inu, khola la ng'ombe timatsegula ndi manja, ngakhale mwana amatha. Nanga ichi mwatimangirachi n'chiyani?”

Sindinayankhe. Panatha mphindi pafupifupi 40 kuti khola ligonje, kachitseko ka mota ndinakaswa ndi tchizulo, geti n'kutsetsereka mopepuka ngati silinalakwe kanthu. Mayiwo anachira m'mamawa kuchipatala, mwana wamkazi. Wolakwa usiku umenewo sanali mota, sanali magetsi. Ndinali ine, amene ndinadziwa zonsezi koma n'kulandira ndalama osanena.

Kumayiko kumene mageti otere ndi ochuluka anaiganizira kale nkhaniyi, ndipo anaiika m'malamulo a zomangamanga. Ku America, m'mizinda yambiri simungaike geti lamagetsi pa malo okhala anthu ambiri ozimitsa moto asanavomereze mmene iwo adzalowere. Njira yofala ndi ya kampani ya Knox. Pa chipilala cha geti pamakhala kabokosi kapena swichi yotsegulidwa ndi kiyi imene amasunga ozimitsa moto a dera limenelo, kiyi imodzi yotsegula mageti onse a m'deramo. Njira ina ndi kachipangizo kokhala ngati khutu. Kakamva sayirini ya mtundu winawake ikulira pafupi kwa masekondi angapo, kamauza mota kuti itsegule. Palinso kena kamene kamazindikira nyali yothwanima ya pamwamba pa galimoto ya ozimitsa moto, ndi kena kamene kamatsegula wapolisi akadina wailesi yake yolankhulirana. Ku Joni kumene ndinali, m'madera otsekedwa ndi mageti, ntchitoyi imagwiridwa kwambiri ndi anthu: pa khomo pamakhala alonda usana ndi usiku, ambulansi ikafika amangokweza chitsulo.

Makasitomala ena amene amaonera zinthu pa YouTube amandifunsa za khutu la sayirini lija. Ndimawauza kuti asataye ndalama. Choyamba, pa Lizulu timakhala m'mphepete mwa M1, msewu umene ndi malire athu ndi Mozambique, ndipo masayirini a ambulansi, apolisi ndi mdipiti wa akuluakulu amadutsa nthawi iliyonse. Chachiwiri, sayirini amagulitsa m'mashopu, wakuba angalephere kugula? Koma chachikulu n'chakuti galimoto imene imabwera pa ngozi kuno kawirikawiri ilibe sayirini n'komwe. Imakhala Sienta ya aneba, pikapu ya wa malonda mnzako, nthawi zina kabaza. Magalimoto ozimitsa moto amakhala kumakhonsolo a mizinda ngati Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, ndipo kuchokera ku Lilongwe kufika kuno ndi makilomita oposa 100. Nyumba ikayaka pa Lizulu, ozimitsa moto ndi anthu a m'mudzi ndi zidebe zawo, ndipo chimene amafuna ndi polowera.

Pali kachipangizo kena kabwino kokhala ndi simukhadi. Mumangoimba nambala yake, geti n'kutseguka, ngakhale muli ku Lilongwe. Ndaikapo kangapo ndipo kamathandiza. Koma kuno kumalire foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Mozambique, ndiponso batire ikafa, nako kafa. Mamota ena amatha kutcheredwa kuti magetsi akathima geti lizitseguka lokha n'kukhala pululu. Ndikatchula zimenezo mwini nyumba amaseka, ndipo sindimuimba mlandu. Kuno geti likanakhala lotsegula theka la sabata.

Tsono ine ndinasintha kagwiridwe ka ntchito. Masiku ano munthu akakana kageti koyenda pansi ndimalongedza zipangizo zanga, akapeze mmisiri wina. Kageti kameneko kamakhala ndi mpiringidzo wotsegulira m'kati ndi loko wamba, m'lifupi mwake mokwanira anthu awiri onyamula wodwala. Geti lalikulu sindipanga lochepera mamita 4, ndipo ndimaletsa zija zomanga denga lokongoletsa pamwamba pake, chifukwa tsiku lina padzafunika kulowa galimoto yaitali. Ndimayang'ananso simenti ya pamwamba pa ngalande. Anthu amathira kopyapyala kongokwanira kagalimoto kawo, kuiwala kuti lole yodzaza, kaya ndi madzi kaya ndi matumba, imaphwanya. Amene angakwanitse ndimawalangiza kuika kasola kodzazira batire, ndipo batire yeniyeniyo asinthe pakatha zaka ziwiri, asadikire kuti ife.

Makiyi ndimasula atatuatatu. Amodzi amapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, atamangidwa kansalu kofiira, ndipo amenewo satuluka m'nyumba ngakhale kutagwa chiyani. Ena amasunga munthu wamkulu amene amagona pakhomopo. Otsalawo abwana atenge. Apa m'pamene pamakhala mkangano, chifukwa azibambo ambiri safuna kuti mlonda adziwe za kakiyi kaja. Amati akadziwa adzalowetsa anzake. Ine ndimawayankha kuti ngati mlonda simumukhulupirira, vuto lanu si geti. Ena ndimaona kuti safunanso kuti akazi awo adziwe, koma zimenezo ndi za m'banja, ine ndimangopereka makiyi m'manja mwa mayi pamaso pa bambo.

Ndikamaliza kuika, sindilandira ndalama yomaliza tisanachite chinthu chimodzi. Ndimathimitsa magetsi, ndimachotsa waya wa batire, ndimasonkhanitsa onse a pakhomopo, mayi, mlonda, wantchito, ana amene afika sitandade 5, ndipo aliyense atsegule geti ndi manja ake ine nditapinda manja. Mwana wa zaka 10 amalikankha bwinobwino ngati mawilo ali olunjika. Likalemera, ndiye kuti ine ndalakwitsa penapake, ndibwererenso pa njanji. Ndimawaonetsanso kusesa kanjanji, chifukwa kamwala kamodzi kapena chitsononkho chimatha kuimitsa geti la makilogalamu 300, ndipo nyengo ya mvula matope amauma momwemo. Nyerere ndi abuluzi nawo amakonda kufunda kwa m'kati mwa mota, ndawotcherapo mabolodi angapo chifukwa cha buluzi mmodzi.

Zomwezi ndimachita ndi mabagala. Chipinda chilichonse chogona ndimasiya windo limodzi lokhala ndi mahinjesi, lotseguka kuchokera m'kati. Eni nyumba ena amadandaula kuti ndikuwonjezera mtengo. Mahinjesi awiri ndi kaloko sizifika mtengo wa thumba limodzi la simenti.

Bambo wa mbatatesi uja atabwerako ku Lilongwe sanandifunse za khola limene ndinadula. Anandituma kuti ndiboole mpanda ndiike kageti kakang'ono, ndipo ndinaika osawalipiritsa ntchito ya manja. Kamtsikana kanabadwa tsiku limenelo ndimakaona kakutulukira pomwepo.

Inu amene muli ndi geti la rimoti, kaya ku Area 47, kaya ku Namiwawa, kaya konkuno, madzulo ano muthimitse magetsi, mubise rimoti m'thumba, muuze mayi a pakhomo kapena mlonda kuti atsegule. Muwerenge mphindi. Akalephera, itanani mmisiri wanu mawa dzuwa likuswa mtengo, musadikire 1 koloko ya usiku.