Ganyu wa Pafoni ndi Imvi za Makolo Athu

Sabata zapitazo tinakacheza kwa mayi wina wa mumpingo mwathu amene amuna awo akhala ku Joni zaka zoposa 20. Bamboyo ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo mwezi ndi mwezi kangachepe kankafika kumudzi: ka feteleza, ka sukulu ya adzukulu, ngakhalenso chopereka chawo cha mpingo. Ali ndi zaka 57 anawachotsa ntchito. Kulikonse kumene ankagogoda, anthu ankayang'ana imvi zawo asanayang'ane makalata. Potsiriza anzawo anawalangiza kuti abwereke njinga yamoto, alembetse pafoni, azikapereka chakudya m'makomo mwa ochigula.

Tiyenera kuvomereza pano kuti atatiimbira foni kutiuza zimenezi, ife tinakondwera, ndipo tinawalimbikitsa kuti munthu wamphamvu zake sakhala manja lende. Sitinafunse kuti akadwala adzadya chiyani.

Tsiku lina kukugwa mvula njinga inaterereka, ndipo anathyoka phewa. Sabata zisanu ndi imodzi anagona m'kachipinda kawo kalendi osalandira kanthu, pamene mwini njinga ankafunabe ndalama zake za sabata ndi sabata. Mayiyo potifotokozera anatifunsa kuti, "Abusa, kodi imeneyi ndi ntchito kapena ndi ganyu?"

Funso limeneli lafunsidwanso m'makhoti aakulu a ku Britain. Kumeneko, mliri wa Covid-19 utadutsa, anthu ambiri opitirira zaka 50 sanabwererenso kuntchito, ndipo boma linkafuna kuwabweza. Mu Ogasiti 2023 Mel Stride, amene panthawiyo anali nduna yoona za ntchito ndi penshoni, anakacheza ku likulu la kampani ya Deliveroo mu mzinda wa London, ndipo ananena kuti anthu a msinkhu umenewu aganizire zogwira ntchito ngati yopereka chakudya m'makomo, poti munthu amadzisankhira yekha nthawi yogwira. Patangopita miyezi itatu, mu Novembala chaka chomwecho, khoti lalikulu koposa la dzikolo linagamula kuti opalasa njinga a kampaniyo si antchito olembedwa, koma odzigwirira okha. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti wopalasa ali ndi ufulu wotuma munthu wina m'malo mwake. Komatu mu 2021 khoti lomwelo linali litagamula kuti oyendetsa galimoto a Uber ayenera kulandira malipiro osachepera mlingo wa boma ndiponso tchuthi cholipidwa. Foni ndi yomweyo, msewu ndi womwewo, koma zigamulo ziwiri.

Mawu akuti "wodzigwirira yekha" amakoma m'khutu, ngati munthu wa golosale yake. Koma taonani m'mene zimayendera. Mtengo wa ulendo amaika ndi kampani. Amene apatsidwe ulendo amasankha ndi makina a m'foni. Mafuta, matayala ndi nthawi yodikira pakhomo pa malo odyera, zonsezo ndi za wopalasa. Lamulo silikakamiza aliyense kumulipira akadwala, kapena kumuikira kanthu ka ukalamba. Mnyamata wa zaka 25 akhoza kupirira zimenezi, pakuti akagwa amadzuka msanga ndipo zaka zili patsogolo pake. Fupa la munthu wa zaka 60 limachedwa kulumikizana, maso ake amavutika ndi kuwala kwa magalimoto usiku, ndipo zaka zimene akanasonkha za penshoni ndi zomwezo zikutha.

Ife a kuno ganyu timamudziwa bwino, uja anzathu olankhula Chipwitikizi amati ganho-ganho. Tikudziwa kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale munthu amasiya munda wake uli ndi udzu n'kukapalira wa mnzake kuti apeze ufa wa tsiku limenelo. Palibe amene amanyoza ganyu, pakuti wapulumutsa mabanja ambiri. Koma palibenso amene amauza agogo ake kuti ganyu ndi mwayi. Ndipo waganyu wa kumudzi amamuona maso ndi maso mwini munda. Akadzitema ndi khasu, mwini munda amachita manyazi, n'kutumiza mwana ndi kambale ka ufa. Foni ilibe manyazi.

Takhala tikulalikira kawirikawiri fanizo la pa Mateyu 20, la antchito a m'munda wa mpesa, ndipo maso athu amathamangira pa malipiro ofanana a madzulo. Sabata zino takhala tikulingalira za aja anatsala pamsika mpaka dzuwa litapendeka. Lemba silinena msinkhu wawo. Koma aliyense amene anaimapo pamalo odikirira ganyu akudziwa kuti olemba anthu amayamba atenga anyamata, ndipo otsalira amakhala ofooka ndi a imvi.

Sitikunena kuti wachikulire asagwire ntchito. Ambiri mwa makolo athu amadwala akangokhala, ndipo ena njinga imawapatsa ufulu weniweni. Chimene chikutiwawa ndi chakuti nduna, anzawo a ku Joni aja, ndi ife tomwe, tonse tinatchula ufulu wosankha nthawi kwa anthu amene analibe china chosankha.

Madikoni agwirizana kuti banjali lipatsidwe thumba limodzi la feteleza kuchokera m'thumba la osowa, ndipo achinyamata akalima mizere Loweruka likudzali. Bamboyo phewa layamba kupola. Anatiimbiranso dzana, kufunsa ngati abwerere panjinga kapena abwere kumudzi mvula isanagwe. Ulendo uno sitinafulumire kuyankha. Tinawafunsa kaye kuti ngongole ya njinga yafika pa zingati, ndi kuti dokotala wanena chiyani za dzanjalo.