Kuona Maso a Nkhono n'Kudekha



Ambiri a ife a kuno ku Dedza msewu timaudziwa ndi masiteji ake ndiponso mtengo wa minibasi. Tikhoza kunena mosaphonya pamene kondakitala amaitanira okwera, pamene apolisi amaimitsa galimoto, ndi pamene chimanga chootcha chimakoma kuposa pena paliponse. Komatu minibasi siima chifukwa cha mwala, phanga kapena mtengo wakale. Imaima pokhapokha wina akanena kuti akutsika. Mwa ichi, zodabwitsa zambiri za m'mbali mwa misewu yathu zimangodutsa pazenera ngati utsi, pomwe alendo a kutsidya kwa nyanja amalipira ndalama zankhaninkhani kuti adzazione. M'sabata ino tikufuna titsike pamalo angapo a kwathu konkuno, tiime, tiyang'anitsitse, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambire kumpoto kwa tauni ya Dedza, ku nkhalango ya Chongoni ndi mapiri oizungulira. Munthu wodutsa pa msewu wa ku Lilongwe amangoona mapiri a miyala ikuluikulu yosanjikizana. Koma pansi pa miyala imeneyo pali malo okwana 127 pamene anthu akale anajambulapo zithunzi. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malo amenewa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo anali malo achiwiri m'Malawi muno kulandira ulemu wotere, kutsatira paki ya ku nyanja ya Malawi imene inalowa m'kaundulayo mu 1984. Odziwika kwambiri mwa malowa ndi Mphunzi, Namzeze ndi Chentcherere.

Munthu akafika koyamba pansi pa phanga lotere amayamba wakhumudwa. Maso amene azolowera zikwangwani za mitundu yowala saona kanthu, koma mwala wotuwa basi. Pafunika kukhala pansi kanthawi, maso azolowere mthunzi. Pamenepo pang'onopang'ono mizere yofiira imayamba kutuluka: zozungulira zokhala ndi zinzake m'kati, mizere yondondozana, zina zonga dzuwa ndi cheza chake. Izi ndizo zakale kwambiri, ndipo anazijambula ndi anthu amene ankakhala m'dziko lino Achewa asanafike, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso za m'tchire. Agogo athu ankawatchula kuti Akafula, ena ankati Amwandionerapati. Nthano imati anali aafupi msinkhu, ndipo mukakumana nawo ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Wochenjera ankayankha kuti wawaonera patali, kutsidya kwa dambo, pakuti kunena kuti wawaonera pafupi kunali kuwanyoza. Mu 1972 katswiri wofukula zakale, J. Desmond Clark, anakumba pansi pa phanga la Mwana wa Chentcherere napeza zida zamiyala ndi mafupa a nyama zimene anthuwo ankadya. Eni ake anatha, chilankhulo chawo chinapita nawo. Chimene anatisiyira ndi funso lawo lija m'nthano zathu ndi utoto wofiira pamwala.

Pamwamba pa zofiirazo, kapena pambali pake, pali zithunzi zoyera zopakidwa ndi chala, za dothi loyera. Zimenezi ndi za makolo athu Achewa, ndipo zina zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 zomwezi. Zambiri zimaoneka ngati chikopa choyanika, kapena ngati buluzi woonedwa kuchokera pamwamba, miyendo ili tambalale. Ofufuza amati zimenezi zinali za chinamwali, ndipo anamkungwi ankazigwiritsa ntchito polangiza atsikana. Ku Namzeze kuli zithunzi za zilombo za nyau, monga kasiyamaliro, zokumbutsa nthawi imene Achewa ankabisala m'mapiri pothawa nkhondo za Angoni, ndi nthawi inanso imene gule ankaletsedwa. Kunena kwina, phanga limodzi likhoza kukhala ndi mawu a mibadwo iwiri ya anthu amene sanalankhule chilankhulo chimodzi, koma onse anasankha mwala womwewo kuti usunge zimene ankaziona kuti n'zamtengo wapatali.

Apa ndi pamene pali nkhani yowawa, ndipo ikukhudza ife achinyamata. M'mapanga ena osavuta kufikako, makamaka ku Chentcherere, pamwamba pa zithunzi zakalezo pali maina olembedwa ndi makala, choko ngakhale penti. Wina analemba dzina lake ndi la sukulu yake, wina la bwenzi lake, wina chaka chimene anabwera. Mwina olembawo analibe mtima woipa. Ankangofuna kunena kuti nafenso tinafika. Koma dzina lolembedwa m'mphindi ziwiri limaphimba chithunzi chimene chinapirira mvula ndi dzuwa kwa zaka mazanamazana, ndipo wofuna kulifufuta amafufuta pamodzi ndi chithunzicho. Utsi wa moto wosonkhedwa m'phanga umadetsa mwala. Dzanja lathukuta lokhudza utoto limauchotsa pang'onopang'ono, chimodzimodzinso madzi amene ena amawaza kuti chithunzi chiwale pojambula ndi foni. Nyumba ikagwa timaumba njerwa zina, mtengo ukadulidwa timabzala wina, koma chithunzi cha Akafula chikafafanizika palibe Mkafula amene adzabwere kudzajambulanso.

Tichoke kumapiri, tibwerere pa msewu waukulu wa M1, tilowere chakum'mwera kulunjika ku Ntcheu. Pano chodabwitsa ndi msewu weniweniwo. Kwa mtunda wautali msewu umayenda m'malire a dziko, kotero kuti wokhala pampando wa kumanzere amayang'ana Malawi, wa kumanja amayang'ana Mozambique, chigawo cha Angonia. Pa Lizulu munthu amadumpha msewu kukagula kabichi kapena mbatata ya kachewere, osazindikira kuti walowa dziko lina. Malire amenewa anachokera m'pangano la 1891 pakati pa Britain ndi Portugal, ndipo anatsata msana wa mtunda: mvula yogwa mbali ya kum'mawa imatsikira ku nyanja ya Malawi kapena ku Shire, yogwa mbali ya kumadzulo imakathira mu Zambezi kudzera m'mitsinje ya ku Tete. Azungu anagawa potsata madzi, osaona kuti mbali zonse ziwiri kuli anthu a chilankhulo chimodzi, okwatirana ndi kuikana maliro. Kwa zaka zambiri nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itatha mu 1992, mabwinja a masitolo opanda madenga ankaoneka tsidya la msewu umenewu. Pa nthawi ya nkhondoyo dziko lathu linasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ambiri analandiridwa m'midzi ya m'maboma a m'malire ngati lathu lino. Mwana wobadwa pambuyo pake sangazidziwe zimenezi ngati palibe womuimitsa ndi kumulozera.

Kuchokera pa Masasa, pa msewu womwewo wa M1, pali njira yokhotera kum'mawa yotsikira ku Golomoti, imene ambiri timaitcha Khwekhwelele. Dzina lokhalo likunena zonse: msewu wokhotakhota, wotsetsereka, umene umachoka m'chisanu cha ku Dedza nukafika m'chigwa chotentha cha m'mbali mwa nyanja, kumene malambe amayamba kuoneka. Tsiku lopanda nkhungu nyanja imanyezimira patali. M'mbali mwa msewuwu amisiri amayala timagalimoto, tinjinga, timathirakitala ndi tindege tosema ndi mitengo, mateyala ake ozunguliradi. Taimani tsiku lina muone m'mene chitseko cha kagalimoto kotere chimatsegukira, ndipo mufunse mmisiriyo kuti kamodzi kamamutengera masiku angati. Mukatero simudzanenereranso mtengo mopanda chifundo.

Tikatsika m'chigwa n'kulowera chakumpoto pa msewu wa ku Salima, timafika pa Mua, pafupi ndi Mtakataka. Malo amenewa ambiri timawadziwa ndi chipatala chake ndi sukulu ya ana osamva. Mishoni ya Mua inatsegulidwa ndi Ansembe Oyera mu 1902, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wakuti Chisale, anayambitsa malo a chikhalidwe ndi luso otchedwa Kungoni, kumene amisiri osema ziboliboli aphunzirako ambiri. Pomwepo pali nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, dzina lochokera m'katchulidwe ka anthu a kumeneko ka dzina la mmishonale Champmartin. M'nyumbamo akufotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka kumwalira, ndipo muli zigoba za gule wamkulu mazana angapo.

Si chinsinsi kuti m'zaka zoyambirira za mishoni panali kusamvana kwakukulu pakati pa amishonale ndi anyau, kulimbirana ana a sukulu ndi maliro omwe. N'chifukwa chake ena mwa ife, polowa m'chipinda cha zigobazo, timayamba taima pakhomo, mtima uli m'mwamba. Koma kuona si kulowa gule, ndipo kudziwa mbiri ya makolo si kusiya chikhulupiriro. Phunziro la pa Mua n'lakuti panapezeka munthu amene, m'malo mongodutsa kapena kuweruza ali patali, anakhala pansi kwa zaka zambiri, nafunsa, namvetsera, nalemba. Zimene anazisunga motero n'zimene lero zikuphunzitsa zidzukulu za eni ake. Akuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Zoonadi, koma sikuyenera kuti nthawi zonse tizidikira mlendo kuti adzatimete.

Malo otsiriza ali kunja kwa boma lathu, koma msewu wochokera m'dera lomweli la Golomoti ndi Mtakataka umatifikitsa kumeneko. Ndi ku Mangochi, pa njira yochoka ku Monkey Bay kupita ku Cape Maclear. M'mbali mwa njirayo pali chimwala chachikulu chotchedwa Mwala wa Mphini, chimene boma linachiika m'gulu la zipilala za dziko. Nkhope yake yonse ndi yojobekajobeka ndi mizere yakuya yopingasana, ngati kuti chimphona china chinatenga lumo n'kuutema. Akatswiri a miyala amati palibe munthu amene anausema. Ndi ntchito ya mvula, kutentha ndi kuzizira kwa zaka zosawerengeka, zimene zinadya mwalawo motsata ming'alu yake. Koma taonani dzina limene makolo anaupatsa. Iwo atauona anakumbukira nkhope za amayi awo, pakuti kale akazi ankatema mphini pamasaya, pamphumi ndi pathupi kuti akongole, ndipo mphini zina zinali za mankhwala. Lero achinyamata ambiri sanaonepo agogo a mphini kumaso. Pakapita zaka zina, mwina mwala umenewu ndiwo udzakhale wokhawo wotikumbutsa kukongola kumene agogo athu ankakunyadira.

Abale ndi alongo, malo onsewa akutiuza chinthu chimodzi. Chimene anthu sachiona sachisamala, ndipo chimene sachidziwa tanthauzo lake amachiononga osamva chisoni. Mpanda wa waya ndi chikwangwani cha boma sizingateteze mapanga 127 omwazikana m'mapiri. Mlonda weniweni wa phanga ndi mnyamata woweta mbuzi pafupi nalo, ngati wina anamuuzapo chimene chili pamwalapo. Mlonda wa mbiri ya m'malire ndi mtsikana wogulitsa tomato pa Lizulu, ngati agogo ake anamusimbira m'mene analandirira othawa nkhondo. Ndipo nkhani zoterezi zili m'mitu ya okalamba amene tikuwaika m'manda chaka ndi chaka. Dzina la phiri, chifukwa chimene dziwe lina anthu sasambamo, mwini wa manda a pansi pa mkuyu uja: zonsezi sizili pa intaneti. Safunsa anadya phula.

Tsono pempho lathu la sabata ino ndi ili. Si onse amene angapeze ndalama yokafikira ku Monkey Bay, ndipo sikofunika kutero. Gulu lililonse la achinyamata m'mphakati mwake lisankhe malo amodzi ofikika ndi miyendo kapena njinga: mwala wa dzina lachilendo, mtengo umene anthu amauopa, mathithi, chitsime chakale, bwinja la sitolo. Musanapite, kapempheni chilolezo kwa amfumu, ndipo mutengane ndi munthu wamkulu wodziwa malowo. Kumene kuli otsogolera alendo a m'mudzi, monga ku Mphunzi, apatseni kangachepe mokondwa, pakuti ndi iwo amene akusunga malowo. Mukafika musakhudze zithunzi, musawaze madzi, musasonkhe moto m'phanga, ndipo mapepala a zakudya zanu mubwerere nawo. Ngati dzanja likuyabwa kuti lilembe, tengani kope ndi cholembera, mulembe zimene agogo akusimbazo, dzina la malowo ndi tanthauzo lake. Dzina lanu mulilembe pachikuto cha kopelo, pakuti pamenepo ndi pamene liyenera kukhala.

Lamulungu likudzali, ikatha Misa, magulu amene adzakhale atayenda adzatiwerengere zimene apeza. Tikufunirani sabata yabwino ndi ulendo wabwino.