Masiku Asanu M'khitchini ya ku Fordsburg

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti chaka cha 2024 mlongo wanga anandituma ku Johannesburg kuti ndikaone mwana wake. Mnyamatayo ankatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, komabe mtima wa mayi wake sunali m'malo. "Achimwene," anatero, "mwini mbumba ndinu. Pitani mukaone ndi maso anu ngati mwana uja akugona m'nyumba kapena pakhonde."

Ndinakwera basi ku Lilongwe. Tinatulukira pa chipata cha Dedza, tinawoloka Zambezi ku Tete, tinalowa m'dziko la Zimbabwe pa Nyamapanda, ndipo pa Beitbridge tinaima pamzere kufikira atambala oyamba. M'njira monsemo ndinali kukumbukira malemu bambo anga amene anapita kumigodi ndi Wenela. Iwo anabwerera kumudzi boma litaletsa kulemba anthu a kumigodi, pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu Epulo 1974 imene inapha Amalawi oposa 70. Anabwera ndi njinga, sutikesi, ndi chifuwa chimene sichinawaleke kufikira imfa yawo. Masiku ano anyamata athu ambiri a ku Joni satsikanso pansi pa nthaka. Mukawafuna mudzawapeza m'masitolo, m'mabwalo a maluwa ndi m'makhitchini.

Mphwanga anandichingamira pa Park Station nanka nane ku Fordsburg, dera lakale chakumadzulo kwa mzinda. Kunali mphepo yozizira yoluma makutu, koma mu msewu wa Mint Road munali fungo la nyama yootcha ndi la zokometsera ndiwo. Pafupi pomwepo pali msika waukulu wa Oriental Plaza. Boma la tsankho ndilo linaumanga m'zaka za m'ma 1970, pochotsa amalonda Achimwenye ku Pageview, kumene eni ake ankakutcha Fietas, ndi kusamutsira mabanja awo ku Lenasia, kutali ndi mzinda.

Mayi amene analemba ntchito mphwanga ndi mwana wa mmodzi wa amalonda osamutsidwawo. Lesitilanti yake ndi yaing'ono, ya matebulo khumi, ndipo antchito alipo asanu ndi awiri. Asanu ndi a m'dzikomo, awiri ndi alendo: mphwanga, ndi bambo wina wa ku Pakistan.

Ndiyambe ndi bambo wa ku Pakistan, pakuti ntchito yake inandigwira mtima. Iye amaphika buledi wopyapyala mu uvuni wadothi wotchedwa tandoor. Uvuniwo uli ngati mtsuko waukulu wofika m'chiuno, ndipo pansi pake pali makala oyaka. Munthuyo amatenga ufa wokanda, naupapatiza m'manja, nalowetsa mkono m'moto muja ndi kumata ufawo pakhoma la mkati. Musanathe kupereka moni bulediyo watupa, ndipo amamukola ndi zitsulo ziwiri zazitali. Akachedwa pang'ono wapserera. Akamata mofooka wagwera pamakala. Ndinayang'ana mkono wake ndipo ndinaona kuti ulibe cheya ndi chimodzi chomwe. Ine ndaphunzitsa ana zaka zoposa 30, ndipo ndikudziwa kuti luso lotere silipezeka pa bolodi.

Mphwanga ndiye wa nsomba ndi mpunga. Anaphunzira kuphika pa sukulu ya za mahotela ku Blantyre, nagwirako ntchito kunyanja. Loweruka amaphikanso nsima, chifukwa Amalawi a m'deralo anamva mbiri yake ndipo amadzaza matebulo anayi.

Madzulo a tsiku lachiwiri, alendo atatha, mayi uja anandipatsa tiyi wamkaka nandifotokozera m'mene anampezera mnyamatayo. Mphwanga anafika mu 2022 ndi chilolezo cha masiku 30, chimene Mmalawi amapatsidwa pachipata. Chimenecho ndi cha mlendo wocheza chabe, ndipo sichilola kugwira ntchito. Mnzake wina anamdziwitsa kwa mayiyo, ndipo iye atalawa nsomba imene mnyamatayo anaphika anamuuza mawu amene mphwanga sanawakonde konse: abwerere kwawo masiku asanathe. Lamulo likuti wopyola masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi kapena zaka zisanu, ndiponso chilolezo cha ntchito amapemphera kwawo. Tsono mnyamata anabwerera ku Lilongwe. Mayiyo analengeza ntchitoyo m'nyuzipepala, anapempha kalata ku unduna wa zantchito yotsimikiza kuti anafunafuna munthu wa m'dzikomo waluso lomwelo, ndipo satifiketi ya ku Blantyre inapita kukayesedwa ku bungwe la SAQA. Zonsezi zinatenga miyezi isanu ndi iwiri. Ine ndikukumbukira bwino miyezi imeneyo, pakuti mnyamatayo ankangokhala pakhonde la mayi wake, ndipo tonse, ine ndemwe, tinkati wanamizidwa.

Ndinamfunsa chifukwa chake anadzivutitsa chotero pamene pakhomo pake pamadutsa anyamata ofuna ntchito tsiku lililonse. Anayamba ndi yankho la wamalonda: lamulo la 2002 loona za olowa m'dziko limapereka chindapusa kapena ndende kwa wolemba ntchito mlendo wopanda chilolezo, ndipo wophika wamantha, wothawa akangoona galimoto la apolisi, sangasunge kakomedwe ka chakudya. Atatero anakhala chete pang'ono, nati bambo ake anataya sitolo chifukwa cha pepala la boma, ndipo iye safuna kugwira munthu pakhosi ndi pepala.

Mphwanga anandionetsa kapepala ka malipiro ake. Kuyambira mu Malichi 2024 malipiro otsikitsitsa a lamulo anali R27.58 pa ola, ndipo ake anali opitirirapo ndithu. Panalembedwanso ndalama yochotsedwa ya thumba la UIF, lothandiza munthu ntchito ikatha. Pasipoti yake amasunga yekha. Chipinda amabwereka kwa munthu wina, osati kwa bwana wake, ndipo ndinagonamo masiku onsewo. Ndi chopanikiza, koma chili ndi chitseko ndi loko. Chimene chinandikondweretsa koposa monga mkulu wa mpingo ndi ichi: mayiyo ndi Msilamu, koma Lamulungu m'mawa mphwanga amamasulidwa kukapemphera ndi anzake a CCAP amene amasonkhana mumzindamo, ndipo Lachisanu masana iye amayang'anira khitchini kuti mnzake wa ku Pakistan apite kumzikiti. Ndinakumbukira Deuteronomo 24:14-15, pamene wolembedwa ntchito wachilendo aikidwa pamodzi ndi mbale pa nkhani ya malipiro, ndipo ndinachita manyazi poganizira m'mene ena a ife timalipirira aganyu m'minda yathu.

Komatu musayese kuti eni dziko onse akukondwera nazo. Mu Meyi 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo, ndipo mu Januwale 2022 Julius Malema anayendera malesitilanti ku Mall of Africa kukafunsa kuti antchito achilendo alipo angati. M'chaka cha ulendo wanga, munthu mmodzi mwa atatu alionse ofuna ntchito m'dzikomo analibe ntchito. Ine sindingawaweruze msanga anyamata otero. Njala ilibe ulemu. Mayi uja akudziwa zimenezi, ndipo pambali pa uvuni anaikapo mnyamata wa ku Soweto kuti aphunzire. Ndinamuona akugwetsa buledi pamakala katatu, mphunzitsi wake akungopukusa mutu ndi kumpatsa ufa wina.

Tsiku lachinayi ndikuyenda mumsewu ndinamva mawu kumbuyo: "Aphunzitsi!" Anali mnyamata amene ndinamphunzitsa mu Sitandade 5, wodziwa masamu kwambiri. Nayenso ndi wophika, pa malo ena osatalikira, ndipo mphwanga akuti luso lake ndi lalikulu. Koma iye anapyola masiku ake zaka zitatu zapitazo. Amagona m'chipinda chosungiramo matumba a mpunga, amalandira ndalama zimene bwana wafuna tsikulo, ndipo pasipoti yake ili m'kabati ya bwanayo. Ndinamuuza zimene ndinali nditamva kwa mayi uja, kuti mu 2008 khoti la zantchito linagamula kuti ngakhale wopanda chilolezo ali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la CCMA. Anaseka pang'ono nati, "Aphunzitsi, ndikapita kumeneko ndikatulukira ku Lindela." Lindela ndi malo osungirako alendo oyembekeza kubwezedwa kwawo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka onse awiri anandiperekeza ku Park Station. Mphwanga anandipatsa bulangete la mayi wake ndi buledi wa mu uvuni uja wokulunga m'pepala. Mnzakeyo anandipatsa envulopu yokhala ndi R300 kuti ndikapereke kwa amayi ake, amene timapemphera nawo limodzi, ndipo anandigwira dzanja nati, "Mukawauze kuti ndili bwino." Kuchokera pa Beitbridge kufikira pa Dedza ndinali kusinkhasinkha chimene ndikanene popereka envulopuyo.