Tikonze Kapena Tigulitse?

Galimoto zambiri zimene timakonza pagalaja pathu ku Katete zinakalambira kwina. Zinayamba zagwira ntchito ku Japan, n'kutsika sitima ku Dar es Salaam, n'kulowera pa Nakonde. Pofika kuno zimakhala zitadutsa kale m'manja mwa anthu angapo ku Lusaka kapena ku Chipata. Motero mwini Corolla kapena Noah akandifunsa kuti, "Amakaniko, kodi ndalama zonsezi nditayirepo?" sindithamangira kuyankha. Ndimayamba ndagona pansi pa galimotoyo ndi tochi.

Anthu amaopa injini, koma ine injini sindiiopa. Ikamatulutsa utsi wabuluu n'kumamwa oyilo, kawirikawiri amakhala maringi atha. Ukatsegula chotsekera oyilo n'kupeza thovu loyera, madzi akuchepa mu redieta, ndiye kuti gasiketi yapsa. Zonsezi zimakonzeka. Ngakhale injini itanoka, ya 5A kapena ya 1NZ yogwirapo kale ntchito imapezeka ku Lusaka, bola mwiniwake akasinthitse nambala yake m'buku la galimotoyo (white book) ku ofesi ya RTSA. Chimene sichigulidwa m'sitolo ndi thupi la galimoto.

N'chifukwa chake ndimagogoda chasisi ndi hamala. Chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyedwa ndi dzimbiri chimangoti phu, nthawi zina n'kuyoyoka. Ndimaona pomwe pamangidwa mashoki, ndimayang'ananso ngati matayala akudyeka mbali imodzi ngakhale atawongoledwa. Galimoto zoyenda m'misewu yafumbi ya ku Vubwi ndi m'midzi ya ku Sinda zimang'aluka malo amenewa, makamaka zikamasenzetsedwa matumba a chimanga ndi nsawa a makilogalamu 50 mpaka kumbuyo kukhudza pansi. Penti yowala isakunamizeni: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chasisi ikapindika, injini yatsopano siithandiza kanthu.

Thupi likakhala labwino, ndimawerenga zazikulu zitatu: injini, giyabokosi ndi miyendo. Chikafooka chimodzi, ndimati tikonze. Zikafooka ziwiri, timakhala pansi ndi cholembera. Zikatopa zonse zitatu, ndimalankhula mosabisa kuti, "Atate, iyi yagwira ntchito yake, igulitseni ikadali kuyenda." Ndimadziluzitsa ntchito potero, koma munthu amene wagulitsa ng'ombe kuti alipire ovaholo, n'kufa giyabokosi mwezi wotsatira, amakunenera zoipa msika wonse.

Giyabokosi yamanja timaimasula, kusintha mabeyaringi ndi kilatchi, n'kuibwezera. Yosintha yokha magiya, makamaka ya mtundu wa CVT, ikayamba kuterera n'kununkhiza oyilo wopserera, mankhwala ake ndi kugula ina basi, ndipo yogulayo sudziwa kuti inazunzika bwanji kumene ikuchokera. Masipeya nawonso ndimawaganizira. A Toyota umawapeza pompano kapena ku Chipata tsiku lomwelo. Galimoto zina za ku Ulaya zimatha nyengo yonse yadzinja zili pamiyala kudikira kachitsulo kamodzi, ndipo kwacha ikagwa mtengo wake umakwera usanafike.

Funso lomaliza silikhudza zitsulo. Kodi galimotoyi imabweretsa chiyani pakhomo? Mphunzitsi wina wopuma pantchito anabwera ndi Corolla yakale, thupi lolimba, injini yotheratu. Ana ake ankati ndalama ya injini yatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa galimoto yonse, bwanji osangoitaya. Ndinawafunsa kuti, "Nanga mukaigulitsa, ndalamayo mukaonjezapo ya injini, mugula yotani?" Yankho linali lakuti agula inzake yokalamba chimodzimodzi, yomwe matenda ake sakuwadziwa. Iyi ankaidziwa chilichonse, ndipo ndi imene inkawatengera amayi awo ku chipatala cha St Francis. Tinaika injini, tinasintha lamba wa taimingi, yemwe pa 5A amafunika kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo fitinesi inadutsa.

Wa takisi woyenda pakati pa Katete ndi Chanida masamu ake ndi ena. Tsiku lililonse limene galimoto yagona pagalaja, banja lake lagona ndi njala. Ngati ikumubweretsa kwa ine sabata ndi sabata, ngakhale ndi tizinthu tating'ono, ndiye kuti yayamba kumudya, aisiye. Koma ngati vuto ndi limodzi lodziwika, akonze mu June kapena July ndalama za zokolola zikuyenda, kuti pofika mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, anthu atadzaza msewu, galimoto ibweze zimene yadya.

Zaka za galimoto sindiziwerengera kwenikweni. Bwerani nayo isanatsukidwe, kuti ndione pomwe oyilo akudontha, ndipo mundiuze zoona za katundu amene mumaisenzetsa.