Nyimbo zomwe zinatsalira pa matepi

Wambali Mkandawire asanatchedwe Mtebeti, asanayambe kuyimba za Mulungu, anali mnyamata woyimba rock ku Blantyre. Ambiri a ife a ku Rumphi timadabwa tikamva zimenezi, poti tinamudziwa atakhwima kale, akuyimba Chitumbuka chakuya chija. Koma m'zaka za m'ma 1970 mwana wa ku Mlowe ameneyu, yemwe anabadwira ku Congo mu 1952, ndiye ankatsogolera nyimbo m'gulu la Sounds Pentagon, lomwe linkaphatikiza magitala achizungu ndi mayimbidwe akwathu. Gululo silinakhalitse, ndalama zinavuta. Mbale kapena kaseti yake ine sindinaigwirepo m'manja. Akuluakulu omwe anandiuza za gululi ankangofotokoza pakamwa, wina n'kung'ung'udza pang'ono pomwe akukumbukira, kenaka n'kupukusa mutu kuti kwinako kwathawa.

Masiku amenewo woyimba akafuna kujambula, njira yodziwika inali ya ku Chichiri, ku situdiyo za MBC. Kumeneko nyimbo inkalowa pa tepi yaikulu yokulungidwa pa gudumu, ndipo tepiyo inkatsala m'nyumba ya wayilesi. Woyimba ankatuluka chimanjamanja, kukadikira kunyumba tsiku lomwe adzadzimve. Kunali ndithu kampani ya Nzeru yomwe inatulutsako mbale zingapo, koma ochuluka sanafikeko. Allan Namoko ndi Robert Fumulani tinkawamva pa nthawi yomwe muulutsi wakonda, osati pomwe ife tafuna. Kwa ife akumpoto panalinso china: mapulogalamu a Chitumbuka anachotsedwa pa wayilesi mu 1968, choncho tikamva liwu limodzi lachilankhulo chathu m'nyimbo, aliyense pakhonde ankasiya zomwe akuchita.

Kwathu ku Bolero zinthu zinasintha amalume atabwera kuchokera ku migodi ya ku Zambia ndi wayilesi ya kaseti. Madzulo ankakhala pampando wa ndalema, chala chili chire pa batani lofiira, kudikira nyimbo yawo. Ikangoyamba, dinu! Vuto linali aulutsi, omwe ankakonda kulankhula nyimbo ili pakati, kupereka moni kwa anthu a ku Ndirande ndi ku Kawale. Amalume ankakalipa ngati munthuyo akuwamva. Motero makaseti athu onse anali ndi nyimbo zodulidwa mutu, zina zopanda mchira. Tepi ikatafunidwa tinkaikulunga ndi cholembera cha Bic, ikaduka tinkailumikiza ndi kyuteksi wa alongo athu, ndipo pamalo polumikizapo woyimba ankameza mawu awiri. Mpaka lero pali nyimbo zomwe ndikazimva zathunthu ndimaona ngati awonjezeramo. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa, poti mawu a woyimba ankakokeka ngati wadya zoledzeretsa.

Anzathu a ku Zambia anachita mwayi pa nkhani iyi. Magulu awo a rock, monga WITCH, anali ndi fakitale ya Teal ku Ndola yowadindira mbale, ndipo mbalezo zinamwazikira m'nyumba za anthu. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa nyimbo za WITCH n'kuzitulutsanso, ndipo Jagari Chanda, woyimba wa gululo, atakalamba kale, anayambiranso kuyimba ku Ulaya ndi ku America. Sindikhulupirira kuti anyamata a ku Kitwe ankaposa a ku Blantyre pa gitala. Kusiyana kunali kwakuti kwawo nyimbo imodzi inali m'malo ambirimbiri, kwathu inali pa tepi imodzi, m'chipinda chimodzi. Tepi nayo imakalamba: imamatana, imachita nkhungu, ndipo makina oiwerenga akutha limodzi ndi amisiri omwe ankawadziwa.

Wambali uja dziko linamumva bwino mu 2002, atajambula Zani Muwone ku South Africa, chimbale chomwe chinamupatsa mphoto ya SAMA. Apo n'kuti ali ndi zaka 50. Atamwalira ndi Covid-19 pa 31 January 2021, mafoni athu anadzaza ndi nyimbo zake, anthu akutumizirana pa WhatsApp usiku wonse. Zonse zomwe zinandifika zinali za Wambali wamkulu. Mnyamata wa rock uja sanamveke.

Lero pa boma pa Rumphi palibe yemwe amadikira muulutsi. Ukapita kwa anyamata obena nyimbo ndi memori khadi yako, umabwerako ndi nyimbo zoti sungazimalize mwezi wathunthu. Situdiyo ndi chipinda cha lendi, kompyuta imodzi, maikolofoni, ndi matiresi okhomedwa kukhoma kuti phokoso la njinga zamoto lisalowe. Ndimakondwa nazo, kunena zoona, chifukwa mwana wa ku Mhuju kapena ku Hewe sakufunikanso ndalama ya basi yopita ku Blantyre kuti mawu ake asungidwe. Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti achinyamatawo kusungako sakulabadira.

Mphwanga wina anajambula nyimbo zake zoyamba chaka chatha, za Chitumbuka, imodzi yokoma kwambiri yokhala ndi ng'oma za vimbuza pansi pake. Kompyuta ya mwini situdiyo inapsa, foni ya mphwangayo inabedwa pa msika, ndipo zonse zinathera pomwepo. Ndinamufunsa ngati analibe kwina komwe anasungako.

"Asibweni, musadandaule," anatero akuseka. "Loweruka ndikajambula zina."