Chaka Chatsopano kwathu ku Lizulu

Abale anga amene muli pa ntchito kuno ku Joni, lolani ndikusimbireni za ulendo wanga wa kumudzi m'mwezi wa Disembala, 2023. Basi inanyamuka ku Johannesburg masana, ndipo tinachezera pa Beitbridge kudikira kudinditsa mapasipoti. Tinapyola Harare ndi Nyamapanda, tinaoloka Zambezi pa Tete, kumene kumatentha ngati m'ng'anjo, nitilowa m'dziko lathu pa chipata cha Dedza. Kuchokera apo ndinakwera minibasi kufikira pa Lizulu.

Inu amene simunafikeko, dziwani kuti Lizulu ndi malo okwera ndi ozizira m'boma la Ntcheu, kwao kwa Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani. Msewu wa M1 ndiwo malire. Mbali ino ndi Malawi, tsidya lake ndi Mozambique, kotero munthu amagula tomato m'dziko lino nakagula kabichi m'dziko linalo osafunsidwa chiphaso.

Agogo anga anapita ku migodi pa Wenela, kulemba anthu kusanaimitsidwe mu 1974, ndipo pobwera ankapha mbuzi. Anthu sanaiwale. Ndisanavule ndi nsapato zomwe, amalume anandifunsa kuti, "Mphwanga, mbuzi ya chaka chatsopano ili kuti?" Ndinangoseka, koma mtima unali phaphapha, pakuti ndalama za m'thumba mwanga zinali ndi eni ake kale. Chimanga chinali chitayamba chikasu posowa feteleza wobereketsa, ndiponso mlongo wanga anafunika fizi mu Januwale. Usiku ndinawauza amayi kuti ndikuopa manyazi. Iwo anati, "Iwe, chimanga sichidya mbuzi." M'mawa mwake ndinakagula feteleza.

Phwando tinachitabe. Amayi ndi mlongo wanga anaphika thobwa la chimera cha mawere kutatsala masiku awiri. Tinagwira nkhuku ziwiri za m'khola. Mpunga ndinagula, koma kachewere ndi kabichi ndinadikira madzulo, pamene ogulitsa amafewa pa mtengo poopa kusenzanso katundu. Ana anakazula bowa, azakhali anabwera ndi ufa ndi mango, mabenchi tinabwereka, ndipo aliyense anadza ndi mbale yake. Mowa wa m'mabotolo panalibe. Amalume anakhala patali, nkhope ili ndwii, ngakhale chiwindi cha nkhuku anachilandira ndi manja awiri.

Titangotha kudya mvula inagwa yamphamvu. Tinapanikizana pakhonde ndi m'nyumba, ndipo m'chipwirikiticho mwana wina anagubuduza mtsuko umodzi wa thobwa. Wailesi nayo inatha mabatire. Ndinati basi, phwando langa lafera pano, ndipo mawa mudzi wonse undiseka. Koma mvula itakata, mkulu wina anayambitsa nyimbo ya ingoma, amayi naomba m'manja. Ingoma sifuna ng'oma kapena magetsi, imafuna mapazi okha. Amalume aja, amene ndinayesa kuti akwiya, anadzuka natola ndodo, naponda pansi kufikira matope anawafika m'mawondo. Chaka cha 2024 chinatipeza tili pabwalo pomwepo.

Pa 2 Januwale tinali m'munda kuthira feteleza. Amalume anatulukira atanyamula kachidebe, kudzafunsa ngati wina watsalako. Tinawapatsa, ndipo za mbuzi sanatchulenso.