Kumene chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala

Mwezi wa Seputembala, pamene alimi a ku Malawi ndi Zambia ali kalikiliki kusosa minda, pachipata cha sukulu ina ku Morningside, m'dera la Sandton mumzinda wa Johannesburg, pamakhala piringupiringu wa galimoto. Ana a m'sukulu zoyandikana amakhala akuyandikira mapeto a chaka, pakuti ku South Africa maphunziro amayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala. Koma pa Lycée Jules Verne chaka chimakhala chikungoyamba kumene. Sukuluyi imatsata kalendala ya ku France, motero tchuthi chachikulu chimagwa mu Julayi ndi Ogasiti, pamene ku Ulaya kukutentha koma ku Joni chisanu chikuluma zala.

Mlendo amadabwanso ndi kawerengedwe ka makalasi. Mwana amayamba mkombaphala ali ndi zaka 3, ndipo akatsiriza zaka 5 za pulayimale, makalasi a sekondale amawerengedwa chobwerera m'mbuyo: kuyambira kalasi 6 kutsika mpaka kalasi 1, kenako chaka chomaliza chimene amalemba mayeso otchedwa baccalauréat. Satifiketi yake ndi yomweyo imene amalandira mwana wa ku Paris.

Zonsezi zili ndi chifukwa chake. Mu 1990 boma la France lidakhazikitsa bungwe la AEFE loyang'anira sukulu zotere, zimene zilipo zoposa 500 m'maiko oposa 130, kuphatikizapo za ku Lusaka, Harare ndi Maputo. Kholo likasamutsidwa pantchito kuchoka ku Abidjan kupita ku Johannesburg, mwana amakapitiriza pamene adalekezera, m'chiyankhulo chomwecho. Mu 2018 Pulezidenti Emmanuel Macron adalengeza cholinga chakuti chiwerengero cha ophunzirawa chiwirikize kawiri pofika 2030. Dziko limeneli silisiya chiyankhulo chake padoko, limachinyamula kulikonse kumene ana ake apita. M'povuta kusachita nalo kaduka, makamaka pokumbukira kuti mu 2014 boma la Malawi lidalengeza kuti mwana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ngakhale kwawo atakhala kuti sadachimvepo.

Komabe chipata chija sichitsekukira aliyense wodziwa Chifalansa. Ambiri mwa ophunzira a m'sukulu zoterezi padziko lonse si nzika za France, koma thandizo la fizi lochokera ku boma la France limapita kwa ana a nzika zake zokha. Enawo makolo amalipira okha, ndipo si ndalama yopeza pogulitsa tomato.

Kutsidya kwa msewu waukulu wa M1 kuli Alexandra, komboni imene idayamba mu 1912, kumene antchito ambiri a m'nyumba za ku Sandton amagona. Kumwera, ku Yeoville, amayi ochokera ku Congo amatsatsa chigwada ndi nsomba zouma m'Chilingala ndi m'Chifalansa. Ana awo ambiri amaphunzira m'sukulu za boma m'Chingerezi, ndipo Seputembala akamafika amakhala akukonzekera mayeso a kumapeto kwa chaka.